Kiyi yosachoka pakhomo

Tikakwera minibasi ya ku Chelstone timadutsa pa UNZA mu Great East Road, koma ambiri a ife sitikumbukira kuti intaneti ya dziko lino inabadwira pamenepo. A pa yunivesiteyo ndiwo anakhazikitsa ZAMNET, imene inalumikiza Zambia ku intaneti mu Novembala 1994.

Masiku amenewo, munthu akafuna kulowa mu kompyuta ya kutali ankagwiritsa ntchito telnet. Pasiwedi inkayenda pa waya ili poyera, ngati kalata yopanda envulopu, ndipo wina wobisalira panjira ankangoiwerenga. N'zimene zinachitika mu 1995 pa Helsinki University of Technology ku Finland, pamene akuba anatola mapasiwedi a anthu pa netiweki ya sukuluyo. Tatu Ylönen, wofufuza wa pomwepo, analemba pulogalamu yotchedwa SSH, naipereka kwaulere mu Julayi chaka chomwecho. Apo intaneti yathu inali isanakwanitse n'chaka chomwe.

SSH inabisa zonse zoyenda pa waya. Koma chimene ife timaikondera ndi njira yolowera ndi makiyi, ndipo nzeru imeneyi ndi yakale kuposa SSH. Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anaifotokoza mu 1976, kenaka mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman anatulukira masamu a RSA oigwiritsira ntchito. Kompyuta imapanga makiyi awiri ogwirizana. Imodzi ili ngati loko: mumaipachika pa seva, aliyense aione, palibe kanthu. Inayo ndi yachinsinsi, imatsala pa kompyuta yanu. Pogogoda, kompyuta yanu imasaina uthenga ndi kiyi yachinsinsiyo, seva n'kuyesa sainiyo ndi loko wake. Zikagwirizana, chitseko chatseguka. Kiyi yeniyeniyo siyenda pa waya, ndiye wobisalira uja atola chiyani?

Mu 1999 a OpenBSD anatulutsa OpenSSH, ndipo chaka chomwecho Simon Tatham anatulutsa PuTTY ya anthu a Windows. Kuyambira 2018, Windows 10 inayamba kubwera ndi OpenSSH yake.

Zonsezi zinalipo, koma ku wailesi kwathu tinali kumbuyo kwambiri. Pasiwedi ya seva yosungira mapulogalamu athu inali pa kapepala komata pa khoma la situdiyo. Odzipereka amabwera n'kupita. Wina wa ku Kabwata wapeza ntchito, wina wa ku Woodlands wapita ku sukulu, onse akuchoka ndi pasiwedi m'mutu. Tsiku limene tinatsegula kaundula wa seva tinachita mantha: makina osadziwika anali kuyesa mapasiwedi usana ndi usiku.

Ntchito yokonza inali yochepa mochititsa manyazi. Pa kompyuta ya pa desiki tinalemba ssh-keygen, n'kuteteza kiyi yachinsinsi ndi mawu ake, kuopera kuti kompyutayo ingabedwe. Ndi ssh-copy-id tinatumiza loko ku seva, mu failo ya authorized_keys. Kenaka tinazimitsa kulowa ndi pasiwedi.

Apa mpamene tinapupuluma. Tinazimitsa tisanayese ngati kiyi ikutsegula, ndipo tinadzitsekera panja madzulo onse mpaka amene amatisungira seva anatitsegulira m'mawa. Nkhani za tsikulo sizinakwezedwe.

Tsopano aliyense ali ndi kiyi yakeyake, mzere umodzi mu failo ija. Mwezi watha mnzathu wina anatsanzika. Tinamugulira dirinki, n'kufufuta mzere wake.