Sukulu za bizinesi zinatsatira mapazi a ku Jobra

Mu 1970 katswiri wa zachuma Milton Friedman analemba mu New York Times kuti udindo wa kampani kwa anthu ndi kuchulukitsa phindu basi. Maganizowa anazika mizu m'sukulu zambiri za bizinesi, moti umphawi unkaoneka ngati nkhani ya boma ndi mabungwe achifundo. Kusintha kunayambira kumudzi. Mu 1976, njala ya 1974 isanaiwalike ku Bangladesh, Muhammad Yunus anapeza anthu 42 a m'mudzi wa Jobra atapanikizika ndi katapila. Pakati pawo panali mayi woluka timipando ta nsungwi, yemwe ankakakamizika kugulitsa timipandoto kwa amene anamukongoza, pamtengo wonena wokongozayo. Onsewo ankasowa madola 27 okha, ndipo Yunus anawakongoza ndalamazo. Ngongole yaing'onoyo inadzabala Grameen Bank mu 1983. Sukulu zinabwera pambuyo: Harvard Business School inayambitsa pulogalamu ya bizinesi yotukula anthu mu 1993, Oxford inatsegula Skoll Centre mu 2003, ndipo Bertha Centre ya ku Cape Town inafika mu 2011.

Wina anganene kuti Yunus naye anali pulofesa pa yunivesite ya Chittagong. N'zoona, koma vuto la madola 27 analipeza poyenda khomo ndi khomo, mabuku atalephera kumufotokozera njala imene ankaiona. Winanso anganene kuti ngati zili choncho digiri ya bizinesi ya MBA ilibe ntchito. Kumeneko n'kulakwitsa. Andrew Youn, wophunzira wa pa sukulu ya bizinesi ya Kellogg, anayambitsa nawo bungwe la One Acre Fund mu 2006 kumadzulo kwa Kenya, ndipo lero bungweli likugwiranso ntchito ku Malawi. Kufikitsa mbewu ndi feteleza wa ngongole pafupi ndi mlimi mvula isanagwe, n'kumatolera ndalamayo pang'onopang'ono, kumafuna munthu wodziwa kuwerengetsa. Komabe luso limeneli linapindula chifukwa linatumikira vuto limene alimi eni ake ankalidziwa kale, la nkhokwe zouma miyezi yodikira kukolola.

Masamu akatsogola, zinthu zimapotoka. Mu 2007 Compartamos ya ku Mexico, yomwe inayamba ngati bungwe lothandiza osauka, inagulitsa masheya ake n'kulemeretsa eni ake, pamene amayi amene ankakongolako ndalama ankalipira chiwongoladzanja choyandikira 100 peresenti pachaka. M'mabuku a ndalama zonse zinali bwino. Yunus anadzudzula poyera kuti ameneyu ndi katapila yemwe uja wa ku Jobra.