Nkhokwe zija zinapita kuti?

Abale a m'tauni mukabwera kumudzi mumafunsa kuti bwanji pakhomo palibenso nkhokwe. Si ulesi ayi.

Ife tikukula chimanga chinali chamakolo, cholimba, nankafumbwe ankachilephera. Tinkathira m'nkhokwe ndi makoko ake omwe, n'kumata, basi. Amayi ankafutsa nkhwani ndi chitambe, kumanga zikwatu ndi masamba a msuku n'kupachika kukhitchini kuti utsi uzifikapo. Nyemba zambewu ankasunga mumtsuko ndi phulusa. Akuluakulu amene anaona njala ya 1949 sankalola kugulitsa ngakhale lichero limodzi china chisanache kumunda.

Kenako kunabwera haibulidi. Amabereka inde, koma amafumbwa msanga. M'ma 1990 kunalowanso nankafumbwe wamkulu uja wochokera ku Tanzania, woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Chinamaliza zonse ndi njala ya 2002. Anthu ankaboola nkhokwe kunsi usiku, mwiniwake ali mtulo. Kuyambira pamenepo timatonola, kuthira Actellic, matumba n'kugona nawo kuchipinda ngati ana.

Koma mfutso wokhawo sunathe, ndipo musauseke. Mu Okutobala dimba likauma, ndi umene umatidyetsa nsima. Chaka chino kwathu tamanga zikwatu zisanu, wofuna atumize kaye ya mchere.