Obama wa ku Fomu 3 ndi mayina ena a m'kaundula

Tsiku lina ndikuitana mayina ku Fomu 3 ndinafika pa mnyamata wina dzina lake Obama. Sindinafunse chaka chobadwa. Barack Obama anasankhidwa ku America mu Novembala 2008, ndiye masamu ake ndi apafupi. Nditaifotokoza mu sitafu rumu, mnzanga wina anadandaula kuti makolo amasiku ano angotengeka ndi za pa TV. Ine ndinakana, chifukwa khalidweli ndi lakale kuposa TV.

Tiyambire pompano. Alexander Hetherwick atatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, obatizidwa ankasankha dzina latsopano, ndipo ambiri ankatenga la m'Baibulo kapena la mzungu amene ankamusirira. Abale athu achisilamu m'chigwa chino nawo anali ndi awo a Chiarabu, monga Saidi ndi Asiyatu. Ngakhale Kamuzu Banda dzina loti Hastings analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Kenako iye atatchuka, dzinalo linabalanso ana. Tawerengani a Hastings amene mukuwadziwa a zaka za m'ma 60, muone.

Wailesi inabweretsa otchuka a mtundu wina. Timu yathu itatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, mwana aliyense womenya mpira wachikulunga ankafuna kukhala Kinnah Phiri. M'ma 1990 kunabwera mavidiyo sho, ndipo pa Songani ndi pa Malosa panadzaza a Rambo ndi a Van Damme. Koma awa ambiri anali mayina ongopatsana pabwalo, monga mmene Robert Ng'ambi anakhalira Baggio. Sankafika pa satifiketi. TVM itayamba mu 1999, ndipo pambuyo pake madishi ndi mafoni zitafala, m'pamene a Ronaldo anayamba kulowa m'kaundula weniweni.

Chimene chinasintha kwambiri, mmene ndikuonera ine, ndi wopereka dzina. Kale mwana akamatuluka m'chikuta, agogo kapena azakhali ndiwo ankatchula dzina, ndipo dzinalo linkanena za pakhomopo. Mavuto, Chisoni, Nditani: ukangomva unkadziwa kuti panali maliro, njala kapena mkangano. Lero bambo amasankha yekha, mwina ali ku Joni, n'kutumiza pa WhatsApp. Dzina likunena za chimene bamboyo ankaonera, osati chimene banja linakumana nacho. Apa pokha ndimagwirizana ndi mnzanga uja kuti china chake chatayika. Komabe ndinaphunzitsapo a Mavuto angapo amene ankachita manyazi ndi dzina lawo mpaka kulisintha asanalembe mayeso a Fomu 4. Obama wanga uja amayankha mokweza, chifuwa chili patsogolo.

Tsopano ndikudikira a Temwa. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anathandiza Malawi kutenga chikho cha COSAFA cha amayi mu 2023, ndipo mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current. Dzina lake ndi la Chitumbuka, lochokera ku kutemwa, kutanthauza kukonda. Likadzalowa m'midzi ya Chiyao kuno kwathu, lidzakhala litabwera ndi mpira. Inu amene mukuphunzitsa kupulayimale ndinu mudzayambe kuwaona, mudzandiuze.