Thabwa lopanda dzina la Craig Kelly

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Craig Kelly wa ku America anali katswiri wa snowboard, masewera otsetsereka pa chipale chofewa utaima pa thabwa. Ankakwera matabwa a kampani ya Sims, kenako anasamukira ku Burton. Sims inathamangira kukhoti kuti mgwirizano wawo sunathe, ndipo woweruza anamuletsa kuonetsa dzina la Burton nkhani ili mkati.

Ndiye taganizani, katswiri wa dziko lonse akupikisana pa thabwa lopanda dzina! Makampani ankalimbirana zilembo zopakidwa pa thabwa, pomwe woti akagwa athyoka mwendo anali iyeyo. Pambuyo pake mipikisano anaisiya, n'kumakatsetsereka kumapiri akutali. Anamwalira mu 2003 ku British Columbia, chipale chitagumuka n'kumukwirira.