MBIRI YA AGIDE NDI GULU LA OYIMBA

Lero tigoneke khasu pang'ono, tikambe za woyimba mmodzi akakomana ndi gulu la oyimba pabwalo limodzi.

Akuluakulu mukumbukira kuti kale woyimba anali kuyenda yekha, kuyimba pamowa ndi pamsika. Ambiri anali kudzipangira banjo ndi cigubu ca mafuta, mtengo ndi mawaya. Koma mutu umodzi susenza denga. Kwa anansi athu a ku Thyolo, Allan Namoko, munthu wosaona, anali ndi anyamata ace a Chimvu River Jazz Band. Iye akatsogola, iwo anali kubvomera ndi mau ndi ng'oma. Namoko anamwalira m'caka ca 1995.

Tsono tamvani za Giddes Chalamanda, amene anthu anamucha Agide. Iye anabadwira ku Chiradzulu m'caka ca 1930, ndipo anayimba yekha ndi gitala zaka zambiri. Dzina lace linamveka, koma cuma sanapeze. Atakalamba, anyamata awiri ophunzira za malamulo, Edgar Kachere ndi Davis Njobvu, a gulu la Edgar ndi Davis, anayamba kukwera naye pabwalo.

Nchito yotere si yapafupi ai. Munthu wozolowera kuyimba yekha amafulumira kapena kucedwa monga mtima wace wafunira. Cotero wa ng'oma ndi wa gitala wamkulu ayenera kuchera khutu ndi kumtsata pambuyo, osamkoka. Anthu akayamba kubvina, gulu litalikitsa nyimbo, nkhalamba nipumako, kenaka nibweranso ndi mau. Iwo ampatsa mphamvu, iye awapatsa nyimbo zimene sakadazipeza kusukulu.

Zipatso zace zinaoneka. M'nyimbo yace ya "Buffalo Soldier" Agide anali atanena za cikhumbo cace ca kukaona America. M'caka ca 2016, ali ndi zaka 86, anapitadi pamodzi ndi Edgar ndi Davis, nakayimba mu mzinda wa Washington. M'caka ca 2020 anayimba ndi Patience Namadingo, ndipo m'caka ca 2021 nyimbo ya "Linny Hoo" inawanda m'maiko ambiri pa TikTok.

Inu alimi mudziwa kuti mbeu ya makolo ikangokhala m'nkhokwe, anankafumbwe aitha. Iyenera kubzalidwa caka ndi caka. Nyimbo nayonso iri cimodzimodzi: mwini wace akatsikira kumanda osaisiyira wina, yapita.

Cifukwa cace tikupemphani inu mafumu: m'midzi mwanu muli nkhalamba za banjo, za bangwe ndi za nyimbo za Cilomwe. Mukatha kukolola, pa ukwati kapena pa msonkhano, ziitaneni, muzikhazike pamodzi ndi anyamata a magitala. Ndipo mbale ya ndalama ikadutsa, muonetsetse kuti mwini nyimbo walandira gawo lace akali moyo.