Khola la ku Greccio

Khola limene timamanga m'tchalitchi pa Khirisimasi lili ndi mbiri yake. Usiku wa Khirisimasi wa 1223, m'nyengo yozizira, Francis Woyera wa ku Assisi adasonkhanitsa anthu m'phanga ku Greccio, mudzi wa m'mapiri ku Italy. Adaikamo chodyera cha zoweta, udzu, ng'ombe ndi bulu, kuti onse aone ndi maso umphawi umene Ambuye adabadwiramo. Wansembe adathira nsembe ya Misa pamwamba pa chodyeracho, ndipo Francis, pokhala dikoni, adaimba Mthenga Wabwino nalalikira.

Motero chodyera chidasanduka guwa la nsembe. Mwana amene adasowa malo ku Betelehemu ndi yemweyo timamulandira mu Ukaristia. Achinyamata anzathu, tisanaganize za zovala zatsopano, mpunga ndi nkhuku, tidzifunse: kodi amphawi a m'mphakati mwathu tawapezera malo?