Fupa Lothyoka ndi Mwambi wa Nkhono

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu umaoneka bwino pa mbiri ya kasamalidwe ka anthu othyoka mafupa, pakuti fupa limalumikizana lokha. Ntchito ya munthu ndi kuliwongola, kulimanga kuti lisagwedezeke, ndi kudikira.

M'chaka cha 1844 mkango unagwira David Livingstone ku Mabotsa, m'dziko limene lero ndi South Africa, n'kumuphwanya fupa la mkono wamanzere. Ngakhale iye anali dokotala, fupalo silinagwirane bwino. Pamene anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, mkonowo unali wopunduka kale. Atamwalira kwa Chitambo mu 1873, Susi, Chuma ndi anzawo ananyamula mtembo wake mpaka kugombe la nyanja yamchere, ndipo madokotala a ku London anauzindikira mu 1874 poona fupa lomwelo.

Makolo athu ankadziwa kuti chothyoka chimafuna kumangidwa, n'chifukwa chake ankazinga mkono kapena mwendo ndi timitengo ndi luzi. Chikhakha cha kuchipatala chinayamba ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali a ku Netherlands, amene mu 1852 analengeza njira yothira ufa wa pulasitala m'mabandeji. Akauviika m'madzi umauma gwa, motsata maonekedwe a chiwalo.

Fupa la ntchafu ndilo linkavuta, chifukwa minofu yake ndi yamphamvu ndipo imakoka zidutswa kuti zipitirirane. Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool, mwana wa munthu wolumikiza mafupa mwachikolo wa ku Wales, anapanga chitsulo chogwira mwendo wonse uli wokokedwa. Mbale wake Robert Jones anachifalitsa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo asilikali ambiri amene akanafa ndi bala la ntchafu anapulumuka.

Komatu chitsulo ndi chikhakha zilibe maso. Maso ndi a namwino. Iye amayang'ana zala: zikatupa, zikazizira, zikachita dzanzi kapena kusintha mtundu, ndiye kuti chikhakha chathina ndipo magazi sakuyenda. Kuchedwa maola ochepa kungaphetse chiwalo. Kwa wodwala wokokedwa mwendo, amene amagona chagada masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira, namwino amaonetsetsa kuti cholemera chikulendewera osagunda pansi, amatsuka pamene chitsulo chalowa m'fupa, ndipo amasamala msana ndi zidendene kuti pasabuke zilonda.

Ku Malawi madokotala a mafupa anali osowa, motero mu 1985 Dr. Ed Blair anayambitsa maphunziro a madokotala othandizira a za mafupa, amene anakagwira ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Pambali pawo pamakhala anamwino ndi achibale odikirira matenda, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Apa ndi pamene chifundo chimapha nkhwali. Wachibale akamva kubuula, amafuna kunyamula cholemeracho kuti wodwala apumeko, kapena kudula chikhakha tsiku lisanakwane poti mwana akudandaula kuyabwa. Potero fupa limasuntha n'kugwirana mokhota, ndipo munthu amatsimphina moyo wake wonse. Adzukulu amene adzadikirire matenda otere aziyang'ana zala, aziitana namwino msanga, ndipo cholemeracho azichisiya chilendewere.